Wanjinga Akagundidwa ndi Galimoto: Mfundo 12 Zodabwitsa za Ufulu Wake

Njinga ndiyo inali khasu la amalume anga. M'bandakucha uliwonse ankamanga matumba atatu a makala pa keliyala ndi malamba a mphira, n'kuyamba kupalasa kulowera m'tauni mame asanakamuke. Tsiku lina, pamalo pamene phula linadyeka m'mbali, galimoto yonyamula katundu inawadutsa mochita kuwakhula. Galasi lake la m'mbali linakola thumba la pamwamba, njinga inapendama, ndipo iwo anagwera pamiyala ndi chiuno.

Dalaivala anaima, ndipo pa chimenecho ndimamuyamikira. Anayang'ana limu lopindika ndi makala omwazika, kenako anapisa m'thumba. "Madala, landirani iyi mukagule limu lina, nkhaniyi ithere pompano. Koma muziyenda m'mbali." Amalume anawomba m'manja n'kulandira ndi manja awiri. "Zikomo bwana, pepani ndakuchedwetsani."

Anthu anali ambiri pamalopo, koma palibe amene analemba nambala ya galimoto. Patatha masabata atatu, mwendo unakana kudumpha chitsulo cha njinga. Kuchipatala anawajambula n'kupeza kuti fupa la m'chiuno linang'aluka. Makala sananyamulenso.

Mawu akuti "pepani ndakuchedwetsani" aja anandikhala pamtima. Munthu wovulazidwa anapepesa womuvulaza, chifukwa ankakhulupirira kuti msewu ndi wa magalimoto ndipo iye anangoubwereka. Malamulo sanena choncho. Ambiri mwa malamulo athu okhudza kuvulaza munthu chifukwa cha kusasamala anachokera ku England, n'chifukwa chake zina mwa nkhani zotsatirazi zikuyambira kutali, koma zikuthera pamsewu wathu womwewu.

1. Lamulo linaizindikira njinga galimoto isanabadwe

Mu 1879, pa mlandu wa Taylor ndi Goodwin, khoti la ku England linagamula kuti njinga iziwerengedwa pamodzi ndi ngolo zokokedwa ndi akavalo, zimene zinali ndi ufulu wonse woyenda pamsewu. Karl Benz analembetsa galimoto yake yoyamba ku Germany mu 1886, patapita zaka 7. Mu 1888 nyumba ya malamulo ya ku Britain inatsimikizira mfundo yomweyo m'lamulo lolembedwa. Ngakhale misewu yosalala, anayamba kuilirira ndi okwera njinga. Magulu awo ku Britain ndi ku America anaumiriza maboma kukonza misewu m'zaka za m'ma 1880, magalimoto asanachuluke.

Mlandu wa 1879 uja unali woimba wanjinga chifukwa chothamanga mosaganizira ena, ndipo anapezeka wolakwa. Apa tikuona kuti ufulu ndi udindo zinabwera tsiku limodzi. Amene lamulo limamuwerenga ngati mwini msewu limamufunsanso mabuleki, nyali usiku ndi kuyenda mbali yoyenera. Ndipo ngozi imene imatchulidwa kawirikawiri kuti inali yoyamba ya galimoto ku America, mumzinda wa New York mu 1896, inali ya galimoto kugunda mayi wokwera njinga. Mayiyo anathyoka mwendo, ndipo dalaivala anagona m'chitokosi usiku umenewo.

2. Ufulu wa wanjinga unakulira m'botolo mmene munali nkhono

Mu Ogasiti 1928, m'tauni ya Paisley ku Scotland, mayi wina dzina lake May Donoghue anamwa chakumwa cha jinja chimene mnzake anamugulira. Botolo linali lakuda, losaonekera m'kati. Atathira chotsala, munatuluka nkhono yowola, ndipo iye ananena kuti anadwala m'mimba. Popeza sanagule yekha, analibe mgwirizano uliwonse ndi wogulitsa kapena wopanga chakumwacho, ndipo ambiri ankaona kuti alibe poyambira.

Mlanduwo unakwera mpaka kubwalo lalikulu koposa la ku Britain, ndipo mu 1932 oweruza ambiri anakhala mbali yake. Lord Atkin, mmodzi wa oweruzawo, anatenga funso la m'fanizo la Msamariya wachifundo, lofuna kudziwa kuti mnansi wa munthu ndani, n'kuliyankha mwa lamulo. Anati mnansi wako ndi aliyense amene zochita zako zingamukhudze kwambiri moti uyenera kumuganizira usanachite. Makhoti a ku Malawi ndi ku Zambia amatchulabe mlandu umenewu. Tanthauzo lake pamsewu n'lakuti dalaivala ali ndi ngongole ya chisamaliro kwa wakabaza amene samudziwa n'komwe dzina. Wovulala ayenera kusonyeza zinthu zitatu: kuti dalaivala anali ndi udindo womusamala, kuti anaunyalanyaza, ndiponso kuti kuvulalako kunabwera chifukwa cha kunyalanyazako.

3. Khoti silifunsa ngati dalaivala anayesetsa

Mu 1971, pa mlandu wa Nettleship ndi Weston, mayi wina amene ankaphunzira kuyendetsa anawomba mtengo wa magetsi a mumsewu, ndipo mnzake amene ankamuphunzitsa anathyoka bondo. Khoti la apilo la ku England linati wophunzira amayesedwa ndi muyeso womwewo wa dalaivala waluso ndi wosamala. Kukhala wachilendo pa chiwongolero, kutopa kapena kufulumira sikuchepetsa udindo.

Nanga dalaivala wosamala amatani akaona njinga? Amachepetsa liwiro, amadikira mpata, ndipo amaipatsa malo. Ku Britain, malangizo a pamsewu amene anakonzedwanso mu Januwale 2022 amati galimoto isiye mamita osachepera 1.5 podutsa njinga, ndipo iwonjezere mpatawo ikamathamanga kwambiri. Chigawo cha Western Cape ku South Africa chinaika mita imodzi m'lamulo lake la 2013. Malangizo a ku Britain aja amaphunzitsanso kutsegula chitseko cha galimoto ndi dzanja la kutali ndi chitsekocho, kuti thupi litembenuke ndipo maso aone njinga yobwera kumbuyo. Hutala si chilolezo chokankhira munthu kuthengo. Galasi likafika pokola thumba la makala, ndiye kuti mpata umene unasiyidwa sunali wokwanira, ndipo limenelo ndi funso loyamba limene khoti likanafunsa pa nkhani ya amalume.

4. Ngozi imodzi imabala milandu iwiri

Anthu ambiri akamva kuti dalaivala walipira chindapusa amaganiza kuti nkhani yatha. Chindapusa chimapita kuboma, chifukwa mlandu wa kupolisi ndi wa boma kulanga wophwanya lamulo la pamsewu. Mlandu wa chipepeso ndi wina, ndipo mwini wake ndi wovulalayo. Akapanda kuuyambitsa iye, palibe amene angamuyambitsire.

Chodabwitsa china n'chakuti milandu iwiriyi siyezedwa pa sikelo imodzi. Kuti munthu alangidwe, umboni uyenera kuchotsa chikaiko chonse chomveka. Pa mlandu wa chipepeso, ndi zokwanira kusonyeza kuti nkhani ya wodandaula ndiyo ikulemera kuposa ya mnzakeyo. Choncho dalaivala angathe kumasulidwa pa mlandu wa boma koma n'kulamulidwa kulipira wovulala. Ngakhale apolisi atapanda kumutengera kukhoti, khomo la chipepeso limakhala lotsegukabe. Lipoti la apolisi ndi lofunika kwambiri, pakuti limasunga tsiku, malo, nambala ya galimoto ndi dzina la kampani ya inshuwalansi, koma wogamula kuti wolakwa ndani ndi woweruza, atamva mboni.

5. Nthawi zambiri wolipira si dalaivala amene munamuona

Chifundo chimatseketsa anthu pakamwa. Munthu amaona dalaivala wa minibasi wooneka wosauka ngati iye yemwe, n'kunena kuti, "Ndikamusumira ana ake adya chiyani?" Koma kapepala kozungulira kapena ka ngodya zinayi komata pagalasi la kutsogolo kali ndi ntchito imeneyi. Lamulo la pamsewu ku Malawi limakakamiza magalimoto kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene angawavulaze. Britain inayamba kukakamiza zimenezi mu 1930, itaona kuti ovulala ambiri ankapambana milandu koma osalandira kanthu chifukwa olakwawo analibe chuma.

Lamulo lathu limalolanso wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, m'dzina lake. N'chifukwa chake pa milandu yambiri ya ngozi kubwalo lalikulu mumaona dzina la kampani ya inshuwalansi pambali pa dzina la dalaivala. Kampaniyo imalipira mpaka malire a ndalama olembedwa mumgwirizano wake, ndipo zotsala zimagwera dalaivala kapena mwini galimoto.

Palinso bwana. Ngati dalaivala anali pa ntchito pamene ngozi inachitika, womulemba ntchito amasenza nawo mlanduwo, ngakhale kuti iye anali mu ofesi kutali. Galimoto ikakhala ya boma, boma limasumiridwa kudzera kwa mlangizi wake wamkulu pa malamulo. Choncho dzina la kampani lolembedwa pachitseko cha lole ndi umboni wofunika kuusunga mofanana ndi nambala.

6. Kulakwitsa kwanu kumachepetsa chipepeso, koma sikuchifafaniza

"Analibe nyali." "Ananyamula katundu wambiri." "Anakhota osakweza dzanja." Mawu otere amamveka pangozi iliyonse, ndipo wanjinga akawamva amataya mtima. Kalekale akanakhala ndi chifukwa chotayira mtima. Mu 1809, pa mlandu wa Butterfield ndi Forrester, munthu wina anathamangitsa kavalo madzulo n'kuwomba mtengo umene mnzake anaupingasa mumsewu. Khoti linati popeza nayenso sanasamale, asalandire kalikonse. Lamulo lowawalo linakhala zaka zoposa 130, mpaka England inalisintha mu 1945.

Lero makhoti, kuphatikizapo athu, amagawa kulakwa. Akaona kuti wanjinga anathandizira ngoziyo ndi magawo 20 pa 100, amachotsa magawo 20 pa chipepeso, iye n'kulandira 80 otsalawo. Mu 1975, pa mlandu wa Froom ndi Butcher wokhudza lamba wa m'galimoto, khoti la apilo la ku England linati pachotsedwe magawo 25 pa 100 ngati lambayo akanaletsa kuvulala konse, ndi magawo 15 ngati akanangochepetsa. Mu 2009, pa mlandu wa Smith ndi Finch, wanjinga anavulala m'mutu asanavale chipewa chodzitetezera. Woweruza anavomereza kuti kusavala chipewa kungakhale kusasamala, komabe sanachotse kanthu, chifukwa mbali inayo inalephera kusonyeza kuti chipewacho chikanaletsa kuvulala kwa mtundu umenewo. Udindo wosonyeza kuti wanjinga analakwitsa uli pa amene akunena zimenezo. Valani chipewa, ikani nyali ndi zonyezimira, pakuti mutu ulibe sipeya. Koma ngati tsoka lakupezani mulibe zimenezi, musadziweruze nokha.

7. Dalaivala amamutenga wovulala mmene wamupezera

Amalume anali atakula, ndipo ena ankati fupa linang'aluka chifukwa cha ukalamba, kuti mnyamata akanangodzuka n'kusasa fumbi. Lamulo lili ndi yankho lake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pa mlandu wa Smith ndi Leech Brain, munthu wina wogwira ntchito m'fakitale anapsa pamlomo ndi kadontho ka chitsulo chosungunuka. Pamalopo panali kale chiyambi cha matenda, ndipo chilondacho chinadzutsa khansa imene inamupha. Khoti linati olemba ntchito ayankhe pa imfayo, ngakhale kuti munthu wina akanangochira kachilondako.

Akatswiri a malamulo amayerekeza mfundoyi ndi munthu wa chigaza chosalimba ngati chikamba cha dzira. Ukamugunda mosasamala, sunganene kuti vuto ndi chigaza chake. Nkhalamba, mayi woyembekezera, mwana kapena munthu wodwaladwala ali ndi ufulu wolipidwa pa zonse zimene zamuchitikira iyeyo, m'thupi limene ali nalo.

8. Chipepeso chimawerenga zinthu zimene sizioneka pa lisiti

Dalaivala uja anayang'ana limu. Khoti likanayang'ana munthu. Ku Malawi, mlandu ukatsimikizika, kuchuluka kwa ndalama kumawerengedwa pa mitu ingapo, ndipo kubwalo lalikulu ntchito imeneyi nthawi zambiri imagwiridwa ndi rejisitala. Mutu woyamba ndi ululu ndi kuzunzika: usiku wosagona, opaleshoni, zitsulo zoikidwa m'fupa, mantha. Wachiwiri ndi kutaya zokoma za moyo, monga kulephera kulima, kuvina, kusewera mpira, kugwada m'tchalitchi kapena mumzikiti, kapena kunyamula mdzukulu. Wachitatu ndi kuwonongeka kwa maonekedwe: zipsera, kutsimphina, mwendo wofupika kapena wodulidwa. Wachinayi ndi ndalama zimene munthu waluza chifukwa chosagwira ntchito, ndi mphamvu yopezera ndalama imene yachepa mpaka m'tsogolo. Poika mtengo, khoti limayerekeza ndi milandu ina ya kuvulala kofanana, ndipo limaganizira za kutsika mphamvu kwa kwacha.

Pambali pa izi pali ndalama zimene zatuluka m'thumba: mankhwala, thiransipoti yopitira kuchipatala, mtengo wa lipoti la apolisi ndi la dokotala, njinga, foni yosweka, katundu wowonongeka. Izi zokha khoti limafuna kuti zitchulidwe chimodzichimodzi ndi kutsimikizidwa, ndipo umboni wake wabwino ndi malisiti. Kalisiti ka ku famase kamene timakulungira mtedza kapena kuyatsira mbaula ndi ndalama. Pezani jumbo imodzi, muziponyamo pepala lililonse lokhudza ngoziyo, pamodzi ndi buku la kuchipatala.

Wakabaza kapena wogulitsa makala alibe pepala la malipiro, koma zimenezi sizitanthauza kuti ankagwira ntchito yaulere. Kabuku kolembamo zimene wapeza pa tsiku, mauthenga a ndalama za pafoni, buku la banki m'khonde, ngakhale umboni wa wapampando wa pasiteji, zonsezi zimathandiza khoti kuona zimene banja linkadya ngozi isanachitike.

9. Panali nthawi imene kupha kunali kotchipa kuposa kuvulaza

Mu 1808, pa mlandu wa Baker ndi Bolton, khoti la ku England linati imfa ya munthu si chinthu chimene wina angadandaule kuti chamuwonongera. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Wothyola munthu mwendo ankalipira, koma womupha sankapereka kanthu kwa mkazi wamasiye ndi ana. Ngozi za sitima zapamtunda zitachuluka, nyumba ya malamulo inakonza cholakwikachi mu 1846.

Lero ku Malawi banja la wanjinga amene wafa chifukwa cha kusasamala kwa dalaivala lingathe kupempha chipepeso cha kutaya wowasamalira. Khoti limaona zaka za malemuyo, zimene ankapeza, gawo limene linkapita kwa omudalira, ndi zaka zimene akanapitiriza kuwathandiza. Makhoti athu amaperekanso ndalama ina chifukwa cha moyo umene wafupikitsidwa. Bokosi, ufa ndi ndiwo zimene mwini galimoto amabweretsa pamaliro ndi umunthu, ndipo n'zoyenera kuzilandira mwaulemu. Koma sizilowa m'malo mwa sukulu fizi ya ana amene atsala.

10. Ndalama ya pamsewu imabwera thupi lisanayambe kulankhula

Munthu akangogwa, thupi limatulutsa mphamvu ya mantha imene imaphimba ululu. Amadzuka, n'kuyamba kutolera katundu, n'kunena kuti ali bwinobwino. Komatu magazi angathe kumadontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza n'kudzaonekera patapita masiku kapena masabata, munthu atayamba mutu wosatha, kusanza, kusokonezeka kapena tulo tachilendo. Kapamba kangathe kuvulala n'kudzaphulika pambuyo pake. Fupa long'aluka limalola munthu kuyenda kwa kanthawi, monga zinachitikira amalume. Choncho kupita kuchipatala tsiku lomwelo kumapulumutsa moyo, komanso kumasiya cholembedwa cholumikiza kuvulalako ndi ngoziyo. Mukachedwa mwezi, mbali inayo idzanena kuti munagwa kwina.

Choopsa kwambiri ndi siginecha. Pepala lonena kuti mwalandira ndalama yomaliza ndipo simudzafunanso china limatseka mlandu, ndipo n'kovuta kwambiri kuutsegulanso. Madzi akatayika sawoleka. Kulandira thandizo loti mufike kuchipatala sikulakwa, ndipo dalaivala amene wakunyamulani wachita bwino. Koma musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunaliwerenge, ndipo musavomere mtengo womaliza dokotala asananene mmene thupi lidzathere. Kumvana kunja kwa khoti n'kwabwino, ndipo milandu yambiri imatha choncho, koma kuzichitika munthu akudziwa kukula kwa chimene wataya.

11. Kubwalo la boma mlandu umawola

Makolo anati mlandu suwola, ndipo kubwalo la mfumu zimatero ndithu. Lamulo lolembedwa limaika malire. Ku Malawi, monganso ku England, mlandu wa kuvulala m'thupi chifukwa cha kusasamala uyenera kuyambika pasanathe zaka 3. Nthawiyo ikadutsa, mbali inayo ingangonena kuti mwachedwa, ndipo umboni wanu, kaya ndi wamphamvu chotani, nthawi zambiri sumvekanso.

Zaka 3 zimaoneka zambiri, koma zimatha munthu akudikira kuti achire, akudikira lonjezo la mwini galimoto, akusonkhanitsa ndalama ya thiransipoti. M'kati mwa nthawiyo mboni zimasamuka, manambala a foni amasintha, ndipo chikumbukiro chimazilala. Kukambirana ndi kampani ya inshuwalansi pakokha sikuimitsa wotchi. Wopanda ndalama ya loya ayambe wafika ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Wopita kwa loya woima payekha apemphe kuti mgwirizano wa malipiro ulembedwe papepala, ndipo mlandu ukatha aone ndi maso ake chikalata chosonyeza ndalama zimene zagamulidwa. Safunsa anadya phula.

12. Mayiko ena anasenzetsa katundu wolemera kwa woyendetsa chitsulo cholemera

Bungwe la World Health Organization linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiyo imataya ambiri. Mayiko ena ataona kuti thupi la munthu ndi galimoto sizilimbana mofanana, anasintha malamulo awo.

Ku Netherlands, galimoto ikagunda wanjinga, mwini galimoto ndiye amayenera kusonyeza kuti panalibe chilichonse chimene dalaivala akanachita. Akalephera, wanjinga wamkulu amalandira osachepera theka la zimene wataya, ngakhale atakhala kuti analakwitsa kwambiri. Mwana wosakwana zaka 14 amalandira zonse, pokhapokha atachita dala kapena mosasamala kofika pafupi ndi dala. Ku France, lamulo la 1985 lodziwika ndi dzina la Robert Badinter, nduna ya zachilungamo ya nthawi imeneyo, limalipiritsa inshuwalansi pa kuvulala kwa oyenda pansi ndi apanjinga pafupifupi nthawi zonse. Limateteza mwapadera ana osakwana zaka 16 ndi okalamba oposa zaka 70, ndipo limapatsa kampani miyezi 8 kuti ikhale itanena zimene ipereke.

Ngakhale wothawa anamuganizira. Ku Britain, bungwe la Motor Insurers' Bureau, limene linakhazikitsidwa mu 1946 ndipo limayenda ndi zopereka za makampani a inshuwalansi, limalipira ovulazidwa ndi magalimoto opanda inshuwalansi ndi amene athawa osadziwika. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kuntchito pa njinga, kuli thumba la Road Accident Fund. Ndalama zake zimachokera ku msonkho woposa marandi 2 pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, ndipo wovulala amapempha chipepeso ku thumbalo m'malo molimbana ndi dalaivala. Galimoto ikadziwika, pempho liyenera kufika pasanathe zaka 3, koma ikathawa osadziwika, zaka ndi 2 zokha. Botswana ndi Namibia alinso ndi matumba ofanana nalo. Nzeru imeneyi ndi yoyenera kuti aphungu athu aiganizire mozama, m'dziko limene odwala, ana asukulu, chimanga ndi makala zimayenda pa keliyala.

Pakali pano, kwathu kuno, kiyi wa zonse zimene zanenedwa pamwambapa ndi nambala ya galimoto. Nambala imatsogolera kwa mwini, mwini amatsogolera ku inshuwalansi, ndipo inshuwalansi ndiyo imalipira. Wogwa pansi sangathe kuilemba, pakuti maso ake amakhala pa magazi ndi pa katundu wake. Ntchito imeneyi ndi ya ife oimirira. M'malo mothamangira miyala, imene imangochititsa madalaivala kuthawa ndi kubala mlandu wina, mmodzi alembe nambala, pafoni, padzanja kapena pansi ndi khala. Wina ajambule pamene njinga yagwera isanasunthidwe. Wina apereke nambala yake ya foni kuti adzakhale mboni, ndipo wina aonetsetse kuti wovulala wafika kuchipatala ndi kuti apolisi adziwa.

Pamene ndinadziwa zonsezi, zaka 3 zinali zitadutsa kalekale, ndipo galimoto ija sitikanaipezanso. Ndinawafotokozerabe amalume tili pakhonde, njinga yawo itatsamira khoma, limu latsopano lija likunyezimirabe chifukwa silinayende ulendo wautali. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukhala chete kanthawi. Kenako anati, "Mphwanga, ndiye kuti pamsewu paja ndinali pamalo panga?" Ndinati, "Inde, malume, munali pamalo panu." Anagwedeza mutu, n'kuitana mdzukulu wawo amene anali atangoyamba kabaza, kuti adzakhale pansi amve kuyambira pachiyambi.